Kontena ya Evelina

"Ndafunsa kuti kontena iyi ndi ya ndani. Sindinafunse kuti munali chiyani."

"Ndakuuza kale, Mwai. Ndi ya Evelina."

"Evelina wake uti?"

"Nesi uja wa ku Beech Grove. Timagwira chipatala chimodzi."

"Uja! Mukuti uja ngati ndinaphunzira naye kalasi imodzi."

Bizwick Kachingwe, mwamuna wanga, anavula jekete n'kulikoleka kuseri kwa chitseko mosafulumira. Linali Lachisanu masana, mu Okutobala. Anali atangofika kumene kuchokera ku Indianapolis, ulendo wa maola awiri ndi theka. Ine ndinali nditalawirira kukolopa apatimenti yonse, kukazinga nkhuku, kuphika mpunga, kenako kuvala diresi langa lofiira lomwe amati limandikhala. Mumtima ndinkati akangotsegula chitseko andinyamula ngati za m'mafilimu. Koma analowa akutokosa m'mano, n'kunena kuti wakhuta. M'chikwama chake, pansi pa zovala zakuntchito, ndinapeza kontena ya chivundikiro chobiriwira. Nditatsegula, fungo linandipeza mpaka kumtima: nkhwani wotendera, weniweni, ngati wa amayi ku Mitundu. M'mbali mwa kontenamo munali mizere ya chala. Munthuyu anachita kukombeza.

"Amalima yekha kuseri kwa nyumba yake," anatero. "Amagawira aliyense. Anzanga aja a Sosten amalandira, a Alufeyo amalandira."

"A Sosten ndi a Alufeyo ali ndi akazi?"

"Alibe."

"Nanga inu?"

Anaseka n'kufuna kundigwira paphewa, ine ndinazinda.

Ukwati wathu unali ndi miyezi itatu. Tinamangitsa konkuno ku South Bend, patangotha milungu yochepa chifikireni changa kuchokera kumudzi. Mu Sepitembala Bizwick anapeza ntchito ku Indianapolis, masiku atatu pa sabata. Amanyamuka Lolemba masana, kumakagona kwa mnzake Sosten ku Speedway, dera lina la mumzindawo, n'kubwerako Lachisanu. Ananena kuti ine ndikhale kaye kuno ndizolowere, poti kuli achemwali ake, a Magdalene, ndi anthu a kutchalitchi. Ndinayankha kuti chabwino. Pachilangizo azimayi anandiuza kuti mkazi watsopano satsutsa mawu oyamba a mwamuna wake, ndiye ndinameza mawu anga. Koma masiku anayi pa sabata ndinkangokhala pawindo kuonerera masamba akufiira n'kumayoyoka, ndekhandekha, ngati ukwatiwo ndinamanga ndi mtengo wa panjapo.

"Ingoitsuka," anatero Bizwick, "ndikabweza Lachiwiri."

"Yopanda kanthu?"

"Nanga muikidwe chiyani?"

"Mbale ya munthu imabwerera yopanda kanthu? Mukufuna akanene kuti mkazi wa Bizwick sanalangidwe? Ndiikamo kanthu ine. Ndipo akakadya akadziwa kuti kunyumba kwanu kuli mkazi."

Ndinali nditaganiza kale. Wabwera ndi nkhwani, alandira nkhwani woposa wake. Pamsewu wopita kutchalitchi ndinali nditaona chikwangwani cha famu ina choitana anthu kuti akadzisankhire okha maungu m'munda. Pomwe pali maungu pali masamba, amenewo ndiye sindinkafunika kuphunzitsidwa.

Loweruka m'mawa ndinapinda majumbo awiri n'kuika m'thumba la jekete. Bizwick anasangalala, ankayesa kuti nkhani ija yatha. Kufamuko kunali anthu ngati pamsika. Ana atavala zipewa zaubweya, thirakitala ikukoka ngolo yodzaza mabanja atakhala pa udzu wouma, ena akumwa madzi a maapozi otentha m'timakapu tapepala. Anandigulira kapu imodzi, n'kundigwira dzanja. Kwa kamphindi zinali ngati zithunzi zomwe ndinkasirira pa Facebook ndili Fomu 4: ine, mwamuna wanga, mitengo yofiira kumbuyo. Ndinatsala pang'ono kukhululuka.

Titafika m'munda ndinaima chilili. Maungu analipo, mazanamazana, ali ngundangunda pa dothi ngati mitu ya anthu. Koma masamba! Onse anali atafota, otuwa, ophwanyika ukangowakhudza. Ndinayenda mzere wonse, ndinalowa wina, osapeza ngakhale nsonga imodzi yobiriwira. Ndinapita kwa mayi wina wovala ovolosi yemwe ankakweza maungu pa wilibala, n'kumufunsa m'Chingerezi changa cha kusukulu komwe ndingathyole masamba anthete.

"Mumadya masamba ake?" anafunsa maso ali tong'o. Kenako anandiuza mwaulemu kuti chisanu chinagwa sabata yatha, chinapha munda wonse usiku umodzi.

Bizwick anaona ngodya ya jumbo ikusuzumira m'thumba langa ndipo anamvetsa zonse. Anaseka mpaka kugwira m'mawondo.

"Mayi Kachingwe abwera kudzathyola ndiwo m'munda mwa azungu! Mwai, kuno chisanu chikayandikira umayenera kufunditsa mbewu zako. Evelina amafunditsa ake ndi nsalu zakale usiku uliwonse."

"Mumadziwa bwanji zomwe Evelina amachita usiku?"

"Anandiuza!"

"Amakuuzani zambiri."

Ndinamusiya pomwepo n'kukasankha dzungu lalikulu kuposa onse, loti manja anga sanakumane polikumbatira. Nkhwani wakanika, basi ndiphika futali.

"Amenewo si odya," anatero akunditsatira. "Ndi osema nkhope, aja amaika pakhomo n'kuyatsamo kandulo."

"Dzungu ndi dzungu. Nyamulani."

Ananyamula.

Lamulungu tikuchokera kutchalitchi ndinalowa m'khitchini n'kutseka chitseko. Dzungulo linali lolimba kunja, m'kati mwake muli mphako ndi ulusi wokhawokha. Nditaliika pamoto linayamba kulira madzi. Ndinatsanula, linatulutsa ena. Mtedza ndinaupera m'makina, koma ndinachedwa kuzimitsa, m'malo mwa nsinjiro munatuluka chiponde. Ndinathira chomwecho. Ndinathira mchere, ndinathira shuga, ndinatakasa mpaka mkono kuwawa. Chomwe chinatuluka sichinali futali, sichinali phala. Ndinapatsa Bizwick pa sipuni.

"Ndi wabwino," anatero msangamsanga, n'kumwera madzi kapu yonse.

Ndinadziwa kuti akunama, koma kontena ndinaidzaza mpaka pakamwa. Kubwerera m'mbuyo ndiye ayi.

Lolemba masana akunyamula chikwama chake anandipeza ndakhala kale m'galimoto, kontena ili pamiyendo.

"Ukupita kuti?"

"Kukabweza mbale. Yobweza ndi mkazi. Ndibwerera pa basi."

Njira yonse tinayankhulana pang'ono. Uku ndi uku kunali minda ya chimanga chouma, makina akuluakulu akukolola, fumbi lili tolo. Ine ndinkangomujambula Evelina m'mutu. Tisanafike pa tauni ya Kokomo ndinamupanga kukhala mayi wachikulire wa magalasi, wa matenda a miyendo. Titadutsa Kokomo ndinamupanga kukhala wa mawigi ndi zikhadabo zazitali, woti ndikangomuona ndimuseke. Ndinakonzeratu ndi mawu oti ndikamuuze, aulemu koma obaya.

Ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, tinaima pa kanyumba koyera ka khonde laling'ono. Anatsegula chitseko mtsikana wamtali, wa tsitsi lalifupi, atamanga chitenje pamwamba pa jinzi. Sanali wachikulire. Analibe wigi. Anali wokongola mosavutikira, ndipo ankandiposa mwina zaka zisanu ndi ziwiri zokha.

"Mayi Kachingwe! Eee, mpaka lero! Bizwick, iwe, bwanji osanena kuti ukubwera ndi mlendo? Lowani, lowani, musavule nsapato."

Iwe. Amamutchula kuti iwe.

M'khitchini mwake munali nkhwani paliponse. Wina wofutsa atayanikidwa pa mathireyi pafupi ndi windo, wina ali m'beseni akudikira kusadzulidwa. Anati akuthamangitsana ndi chisanu, akufuna apange mfutso wokwanira mpaka Meyi. Ndinapereka kontena ndi manja awiri, n'kupinda bondo pang'ono monga anandiphunzitsira. Mawu anga obaya aja anathawa onse.

"Aaa, mwavutikiranji? Zikomo kwambiri." Anatsegula pomwepo, n'kuyang'ana. "Bizwick, tandipatsa sipuni."

Mwamuna wanga sanafunse kuti masipuni amakhala pati. Anangotembenuka, n'kukoka dirowa yachiwiri kumanzere kwa sinki, n'kutulutsa sipuni. Kwathu ku South Bend, m'nyumba yake yomwe, amandifunsabe komwe ndimaika mchere.

Evelina analawa. Anatafuna pang'onopang'ono, kenako anandiyang'ana ndi maso achisoni osakaniza ndi kuseka.

"Mwagula aakulu osema aja a pa chikondwerero cha Halowini, eti? Mayi, musadandaule. Ine chaka changa choyamba ndinaphika omwewa, ndinaitana ndi alendo. Ndinakalirira kubafa. Odya ake ndi ang'onoang'ono, obiriwira, ndikuonetsani." 

Akanandinyoza bwenzi zili bwino. Ndikanadziwa chochita naye. Koma anandikhazika pampando, anatiphikira tiyi, ndipo m'kapu ya Bizwick anathiramo masipuni atatu a shuga osamufunsa. Anandifunsa za ku Mitundu, za mayeso anga a Fomu 4, ngati ndagula kale nsapato za chisanu. Ndinkayankha ndikumwetulira mokakamiza.

"Ine ndimamukalipira ameneyu," anatero akuloza Bizwick ndi chibwano. "Ndimati mkazi wamusiyiranji kutali, munthu wongofika kumene? Akuti inu mumakonda ku South Bend, simungasiyane ndi alamu anu. Ndiye ndinati chabwino, bola akudya."

Ndinayang'ana Bizwick. Iye ankayang'ana m'kapu.

Potuluka Evelina anakhuthula futali wanga m'mbale ina, anatsuka kontena ija, n'kuidzaza nkhwani wosadzula kale. Anandipatsa m'manja.

"Mukamuphikire nokha. Soda pang'ono chabe, ndipo tomato asachuluke, sakonda."

"Ndikudziwa," ndinatero. Sindinkadziwa.

Tinakwera galimoto n'kuyenda mpaka nyumba zazitali za m'tauni zinayamba kuoneka. Dzuwa linali likupendeka, anthu akuweruka, mabasi akuima n'kunyamuka. Bizwick ankalunjika kokwerera basi ya ku South Bend.

"Waona tsopano?" anatero. "Ndi munthu wabwino. Palibe nkhani."

"Ndaona. Ndaonanso kuti dirowa yake mumaidziwa."

"Mwai, timadya kumeneko anthu asanu, Lachitatu lililonse tikaweruka. Ndimatsuka mbale. Ukufuna ndizitsuka nditatsinzina?"

"Munamuuziranji kuti ndimakonda ku South Bend?"

"Si unanena wekha? Ndinakufunsa, unati chabwino."

"Munandifunsa? Munandiuza!"

"Ukanakana."

"Ndikanakana bwanji, ukwati uli ndi milungu isanu ndi umodzi? Azimayi aja anati chiyani?"

"Ine pachilangizo chako panalibe." Anaimika galimoto m'mbali mwa msewu, pafupi ndi depoti, n'kuzimitsa injini. Anapukusa mutu. "Lachisanu unakwiyira kontena. Loweruka unakwiyira munda wa eni ake. Dzulo unamenyana ndi dzungu tsiku lonse. Lero ndi dirowa. Ine ndatopa kulota, mkazi wanga. Ndisiye kudya kwa Evelina? Ndisiya. Ndizigula mabanzi pa filing'i siteshoni. Ndi zimenezo?"

"Ayi."

"Ndisiye ntchito?"

"Ayi!"

"Nanga chiyani? Basi inyamuka pakatha mphindi makumi awiri."

Ndinayang'ana anthu ali pamzere ndi zikwama zawo. Ndinaona m'maganizo apatimenti ija, bedi loyala bwino, mpando wa pawindo, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Azimayi onse a pachilangizo anali ngati akhala kumpando wakumbuyo akundiyang'ana, koma ndinawasiya ayang'ane.

"Basiyo sindikwera," ndinatero. "Evelina aziphika, a Sosten azidya, zimenezo ndilibe nazo ntchito. Ine South Bend sindimaikonda, a Bizwick. Sindinaikondepo. Alamu ndi anthu abwino koma sindinakwatiwe ndi iwo. Sindinakwere ndege zitatu kuti ndizikuonani kumapeto kwa sabata ngati mwana wa kuboding'i. Ndikufuna mukaweruka muzibwera kwa ine, tsiku lililonse, ngakhale nditapsereza. Mupeze chipinda konkuno, kaya chaching'ono bwanji. Mpaka chipezeke ndigona pansi kwa a Sosten. Ndikufuna kukhala komwe inu muli, kuyambira lero."