Kapepala Kopanda Dzina

Lachiwiri m'mawa khosi la Makisoni linapindikira kumbuyo, lilime panja, malovu chuchuchu. Mayi ake, a Elenala, anataya khasu. Mwanayu anali atapeza bwino ndithu. Chaka chathunthu akumwa mankhwala a matenda a maganizo, mpaka anayambanso kuokera mpunga ku Likangala.

Amalume ake, a Grain, anatulukira ndi chingwe cha ukonde.

"Misala yabweranso, achemwali. Timumange pamangopa."

"Kamangeni mbuzi zanu, achimwene. Uyu ndinabereka ndine."

Apo a Elenala anakumbukira za mankhwala. Amene anabwera nawo ndi a Dan, wodzipereka wa m'mudzi amene amakatengera odwala anayi mapiritsi kuchipatala. Mapiritsi onse anali m'timapepala topanda dzina. Mayiwo atafunsa kuti bwanji mapiritsi achepa msinkhu, a Dan anaseka. "Oyera ndi oyera basi, mayi. Mankhwala a misala ndi amodzi."

A Elenala anamanga kapepala ka Makisoni pamfundo ya chitenje n'kukwera naye kabaza mwanayo kupita kuchipatala.

Namwino, a Hawa, anamubaya jakisoni, khosi n'kuyamba kumasuka. Kenako anayang'ana mapiritsi aja.

"Si misala iyi, mayi. Awa ndi a munthu wina, ngamphamvu kwambiri. Mukanamumanga n'kumamumwetsabe, akanatha kubanika."

"Ndiye munthu winayo akumwa a mwana wanga?"

A Hawa anatuma uthenga pomwepo kuti odwala atatu enawo abwere ndi mapiritsi awo. A Dan anafika nawo, maso ali pansi.

"Tikonza, mayi, pitani mukapume," anatero mkulu wa pachipatalapo.

A Elenala anakhala pansi pakhomo penipeni, miyendo tambalale.

"Ku Kachulu thumba la matemba salikweza minibasi lopanda dzina. Mwana wanga wachepa kuposa matemba? Sindidzuka pano mpaka mulembe mayina ndikuona."

Analemba. Dzina, mtundu wa mankhwala, nthawi yomwera, pakapepala kalikonse. Lero a Dan akafika pakhomo amayamba awerenga dzina mokweza asanapereke. Makisoni wabwerera kumunda wake, chingwe chija chabwerera kuukonde.

Nanunso mumve. Mankhwala opanda dzina musalandire. Mapiritsi akasintha maonekedwe, funsani, ngakhale akusekeni. Wodwala akauma khosi kapena kutulutsa lilime, musamumange, thamangani naye kuchipatala ndi mapiritsi omwewo. Wodwala maganizo ndi munthu. Mukakhala chete inu, amuyankhulira ndani?