Abusa Ochokera ku Kitwe

Abusa Edwell atafika ku Chawama, mumzinda wa Lusaka, kuchokera ku Kitwe, mpingo unawakonda msanga. Ankalalikira mofatsa, ndipo anadzipereka kuti kwaya ya atsikana aziiphunzitsa okha muofesi mwawo, ana akaweruka kusukulu.

Ba Exildah, mtsogoleri wa azimayi mumpingomo, amene ankagulitsa zovala za salaula pamsika, anakondwa nazo chifukwa mwana wawo Monde anali ndi mawu okoma. Kenako mlamu wawo Chishimba anabwera kuchokera ku Kitwe kudzaoda katundu. Lamlungu anapitira limodzi kutchalitchi, koma Chishimba atangoona amene anaima kuguwa anatuluka pemphero lisanayambe. Ali panja anafotokoza kuti kwawoko atsikana ena a kwaya anadandaula kuti abusawo ankawagwiragwira, ndipo akuluakulu a mpingo anangowasamutsa nkhani isanafike kupolisi.

Ba Exildah sanachite phokoso. Anayendera makolo khomo ndi khomo, ndipo sabata yomweyo kwaya inayamba kukumana pabwalo pawo, pansi pa mtengo wa kotapela, azimayi atakhala pomwepo akusadzula ndiwo za chibwabwa.

Atatero anatenga anzawo n'kupita kwa woyang'anira mipingo ya m'chigawocho. Bamboyo anawalandira bwino, anamvetsera, kenako anawalonjeza kuti mwezi ukatha abusawo awatumiza ku Petauke.

"Kodi ku Petauke kulibe atsikana, bambo?" anafunsa Ba Exildah. "Ife sitinabwere kudzakankhira vutoli kwa anzathu. Aimitseni kaye, nkhani imveke."

Woyang'anirayo anati zimenezo zichititsa mpingo manyazi. Ba Exildah anamuuza modekha kuti mayi wa mmodzi mwa atsikana a ku Kitwe aja, atamva kwa Chishimba kuti ku Lusaka kuli anthu omukhulupirira, analimba mtima ndipo wakadandaula kale kupolisi. Bamboyo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Abusa Edwell sanapite ku Petauke. Anaimitsidwa, ndipo apolisi anawaitanira ku Kitwe kuti akayankhe mlandu. Ena mumpingo anasiya kupatsa moni Ba Exildah, akuti anaipitsa dzina la munthu wa Mulungu. Zinawapweteka ndithu mayiwo, koma osati kwa nthawi yaitali.

Podikira m'busa wina, amene ankalalikira anali Ba Whyson, mkulu wa mpingo wokalamba amene ankatalikitsa ulaliki mpaka ana kugona pamiyendo ya amayi awo. Ba Exildah nawonso nthawi zina ankawodzera pabenchi, mtima uli m'malo.