Chithunzi cha Amayi mu Yunifomu ya Mvano

Bambo anga, a Simeon Mvula, ajambula anthu a ku Sizinda, lokeshoni yathu, kwa zaka makumi anayi ndi kamera yaikulu ya miyendo itatu, ija wojambula amafunda nsalu yakuda kumutu. Filimu yake imalowa imodziimodzi. Kuwala ankayeza ndi maso: kuyang'ana kumwamba, kukwinya nkhope, basi. Koma masowo anayamba kuchita ng'ala, ndipo tonse m'nyumba tinkadziwa kupatula eni ake.

N'chifukwa chake ndinawagulira mita, kachipangizo ka batire kamene umagunditsa pa galasi la kuseri kwa kamera n'kukuuza kuchuluka kwa kuwala. Anakalandira ngati ndawatukwana. Bambo anga ndi nkhutukumve, ndipo msinkhu sunawafewetse.

Amayi, a Winifred, anali atadwala chaka chathunthu, ndipo kuchipatala anatiuza kuti tingowatengera kunyumba. Anapempha chinthu chimodzi: ajambulidwe atavala yunifomu ya Mvano, bulauzi ndi duku zoyera, chithunzicho chipite kwa mng'ono wawo ku Ntcheu amene anasiyana naye ali atsikana. Za foni anakaniratu. "Zimenezo n'zamasewera. Andijambule amuna anga," anatero. Filimu inali itatsala imodzi yokha, ndipo kuitanitsa ina ku Joni kumatenga milungu.

Loweruka masana tinawakhazika pampando pabwalo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anzawo a Mvano anaima pambali akuonerera. Bambo analowa m'nsalu yawo, ine n'kugunditsa mita pagalasi.

"Baba, mita ikuti muchepetse diso la kamera. Ilanga liyatshisa, dzuwa likuotcha, kuwala kwachuluka," ndinatero.

"Iwe Loice, sukuona mitamboyi?" anayankha m'nsalu momwemo. "Kachinthu kakoko kanabadwa liti kuti kaziphunzitsa ine ntchito?"

Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Mtima unandiwira. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anandiletsa ndi dzanja.

"Asiye abambo ako, mntanami, mwana wanga. Usawachititse manyazi pamaso pa anthu."

Ndinakhala chete, ndipo mpaka lero ndimadzida nako kukhala chete kumeneko. Bambo anatsegula diso lonse la kamera, n'kuchedwetsanso chotsekera kuti kuwala kulowe kwa nthawi yaitali. Mutu wa amayi unkanjenjemera ndi kufooka. Kamera inalira kamodzi, tinawanyamula n'kuwabwezera kuchipinda.

Amayi anatisiya Lachitatu.

Patapita sabata titaika maliro, bambo anadzitsekera m'bafa, mmene amatsukira zithunzi. Ndinadikira pakhomo. Anatuluka ndi pepala lonyowa, ataligwira m'mphepete ndi nsonga za zala.

Ndinaliyang'ana. Duku, bulauzi, khoma la nyumba, zonse zinali mbee ngati ufa. Siketi yakuda yokha ndi imene inkaoneka. Pamene panayenera kukhala nkhope ya amayi panali kachithunzithunzi kotuwa, kopanda maso, kopanda pakamwa.

Bambo analisendeza pepalalo pafupi ndi mphuno, n'kulipendeketsa uku ndi uku. Kenako anamwetulira, koyamba chichitikire maliro.

"Taona, Loice, mayi ako akuseka. Atuluka bwino, eti?"

Ndinafuna kukalipa, kuwauza kuti liuma lawo latilanda nkhope ya amayi. Koma maso awo otuwa aja anali pa ine, akudikira.

"Eya, baba," ndinatero. "Atuluka bwino."

"Ndiye ukagule felemu. Yagalasi, kuti fumbi lisawagwere."