Nkhukundembo ya a Abdulkader

Darlington Chimbalanga anali nesi pachipatala china chachikulu mu Leicester, ndipo Loweruka lililonse akaweruka ankadzera pasitolo ya a Abdulkader kukagula ufa ndi usipa. A Abdulkader anali Mmwenye wobadwira ku Limbe, bambo wa imvi mbuu, amene Chichewa chawo sichinachite dzimbiri ngakhale anali atatha zaka makumi anayi ku Mangalande.

Loweruka lina mu Febuluwale, kunja kukuzizira koopsa, Darlington atalowa m'sitolomo anamva phokoso lachilendo kuseri kwa mashelefu. Linkamveka ngati chitseko chosowa oyilo. Atasuzumira anapeza mwini sitolo atakhala pathumba la mpunga, akukhukhuza chivundikiro pakabokosi kathabwa.

"Madala, n'chiyani chimenechi?"

"Imeneyi ndi nkhukundembo yaikazi, achimwene," anayankha a Abdulkader monyadira. "Ikuitana tambala."

Anafotokoza kuti ana awo anawakonzera ulendo wa ku Florida, ku Amereka, ngati mphatso. Kumeneko kuli nkhukundembo zakutchire, ndipo m'miyezi ya Malichi ndi Epulo alenje odziwa malo amatenga alendo kukasaka atambala ake. Ali mnyamata, a Abdulkader ankasaka nkhanga ndi atate awo kuchigwa cha Shire, ndipo ana anali atatopa nayo nkhani ya nkhangazo. Kabokosi kaja anaitanitsa kuti aziphunzira kulira ngati thadzi, pakuti tambala wakutchire sathamangitsidwa, amachita kunyengereredwa kuti abwere yekha.

"Pepani madala," anatero Darlington akuseka, "koma thadzi lanulo likudwala chitopa. Tambala wanzeru sangabwere."

Anaika basiketi pansi, n'kuphimba pakamwa ndi dzanja, n'kukoka mpweya. "Kyo, kyo, kyo, kyo!" Mayi wina amene ankasankha therere anataya thumba n'kuyang'ana kumapazi kwake.

Darlington anakulira ku Thyolo kwa azakhali ake, amene ankaweta nkhukundembo zogulitsa kwa mabwana a m'maesiteti a tiyi. Kwa zaka zisanu ndi iye amene ankazitsekulira m'mawa ndi kuziitanira m'khola madzulo. Sanaganizepo kuti limenelo ndi luso loti munthu n'kulitchula pagulu.

A Abdulkader anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo lawo limene linkawavuta. "Saira! Tabwera udzamve!"

Akazi awo, mayi Sairabanu, anatulukira kuchokera ku kauntala. Iwo nkhawa yawo inali ina. Mwana wawo Junaid, amene ankayenera kuperekeza bambo ake, anali atalephera chifukwa mkazi wake anali woyembekezera, masiku atayandikira. Malo a munthu wachiwiri anali opanda mwini, ndipo mayiwo anali atanenetsa kuti munthu wa shuga sangapite yekha kutchire la eni. Anamuyang'ana Darlington kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kulira ngati nkhuku ine sindikuwerengera," anatero. "Koma ndinu nesi. Pitani nawoni, muzikawakumbutsa mankhwala."

Kunyumba ku Braunstone, mkazi wake Lusubilo anaseka mpaka kukhala pansi pamasitepe.

"Inuyo bambo a Atuweni? Kukasaka? Si inu munathawa m'khitchini tsiku lija kutalowa kangaude?"

"Mfuti akagwira ndi madala. Ine ntchito yanga ndi yapakamwa."

"Imeneyo ndiye mumaitha."

Darlington anabukitsa holide, anasinthana mashifiti ndi anzake awiri, ndipo pasipoti yake ya ku Britain, yomwe inali isanayendepo, inatuluka m'dirowa. Kenaka anayamba kukonzekera. Ankalira ngati thadzi m'bafa, ankalira akutsuka mbale, ankalira ngakhale podikira basi kukakhala kulibe anthu. Lamulungu lina gogo wachizungu wa nyumba yoyandikana nayo anagogoda pakhomo atanyamula kabokosi kopanda kanthu. Anati wamva kuti ayamba kuweta nkhuku kuseri, iye sakauza a khonsolo, koma angakonde mazira asanu ndi limodzi. Kuyambira tsiku limenelo Lusubilo analamula kuti nkhukundembo izikalirira kupaki.

Ananyamuka mu Epulo, chikondwerero cha Idi chitadutsa. Atatsika ndege ku Florida, kutentha kunawalandira ngati bulangeti lonyowa. A Abdulkader anavula jekete, n'kupuma mozama.

"Achimwene, kuno ndi kwa Chikwawa kwenikweni!"

Wowatsogolera anali Shepherd, mzungu wamtali wandevu zofiira, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kuwagula. Anawatengera ku famu yaikulu ya ng'ombe, dziko lathyathyathya lodzaza ndi timigwalangwa tatifupi, madambo, ndi mitengo ikuluikulu yolendewera ndere zotuwa. Anawapatsa zovala zamawangamawanga ndi maukonde ophimba kumaso. Malamulo ake anali ochepa. Tambala wakutchire amaona ngakhale chala chikagwedezeka, choncho munthu akakhala pansi asasunthe. Ndipo asayandikire madzi, muli ng'ona.

"Ng'ona ndiye sanatiuze ku Leicester," ananong'ona Darlington.

Ankadzuka tambala woyamba asanalire. A Abdulkader ankayamba aswali, Darlington n'kuwayeza shuga, kenaka onse atatu ankayenda mumdima mpaka pamtengo umene Shepherd wasankha. Patsogolo pawo, pabwalo la udzu waufupi, Shepherd ankaimika chidole chapulasitiki chooneka ngati tambala wa nkhukundembo atatambasula mchira, pambali pake chidole cha thadzi. Cholinga chinali choti tambala weniweni apse mtima poona mnzake akumulanda mkazi.

Tsiku loyamba anaona agwape awiri ndi udzudzu wosawerengeka. Tsiku lachiwiri tambala anayankha chapatali, koma sanabwere. Shepherd ankaitana ndi zipangizo zake zamitundumitundu, ndipo Darlington ankachita manyazi kunena kuti nayenso amatha. Kwa eni kulibe mkuwe. Koma madzulo a tsiku lachiwirilo, akudya pakhonde, a Abdulkader analephera kupirira.

"Shepherd, mnzangayu amalankhula chinenero chawo. Tamuyesani."

Darlington analira kamodzi kokha. Shepherd anaika foloko pansi, n'kumuuza kuti abwerezenso. Atabwereza, mzunguyo anangogwedeza mutu n'kunena kuti mawa zipangizo azisiya m'galimoto.

M'mawa wa tsiku lomaliza kunali nkhungu. A Abdulkader anatsamira tsinde la mtengo, mfuti ili pabondo, Darlington pambali pawo, Shepherd kumbuyo kwawo mapazi angapo. Kum'mawa kutayamba kufiira, Darlington anaitana motsitsa, ngati thadzi longodzuka kumene. Kunali zii. Anadikira nthawi yaitali monga ankachitira ku Thyolo, podziwa kuti thadzi lolongolola tambala salikhulupirira. Ataitananso, tchire lonse linagwedezeka.

"Gulugulugulugulu!"

Tambala anali atamva. Darlington anamuyankha kamodzi, n'kukhala chete. Patapita mphindi ngati makumi awiri, pakati pa timigwalangwa panatulukira tambala. Nkhukundembo za azakhali ake zinali zonenepa ndi zaulesi, koma uyu anali wamiyendo yaitali, wakuda, nthenga zikunyezimira mobiriwira ndi mofiirira dzuwa likamuwomba. Ndevu zake zinalendewera pachifuwa mpaka kutsala pang'ono kukhudza udzu. Anatambasula mchira, mapiko akukwekwesa pansi, n'kumabwera monyang'wa ngati mkwati. Darlington anaiwala udzudzu umene unkamuluma pakhosi. Anangoti maso tong'o, akumva ngati misozi ikufuna kutuluka, osadziwa chifukwa chake.

Tambala anafika pafupi ndi zidole zija. Mfuti sinalire. Anazungulira kamodzi, kawiri. Mfuti osalira. Darlington anaponya diso kumbali osatembenuza mutu, ndipo anaona chibwano cha a Abdulkader chili pachifuwa. Madala anali m'tulo tofa nato, ukonde wakumaso ukukwera ndi kutsika.

Kuwaitana sikukanatheka, kuwagwedeza ndiye kosayamba n'komwe. Darlington anakumbukira zimene amachita muwodi akafuna kudzutsa wodwala amene wagona kwambiri. Anayendetsa dzanja pansi pa masamba pang'onopang'ono, mpaka linapeza chala cha madala, n'kukanikiza chikhadabo mwamphamvu.

A Abdulkader anatsegula maso. Ulenje wa ku Shire sunawachoke m'magazi, pakuti sanadzidzimuke kapena kutsokomola. Anakweza mfuti mwaulemu wake, magalasi atachita nthunzi, n'kunong'ona kuti, "Bismillah." Mfuti inalira phuu!

Tambala weniweni anadumpha, anathamanga mapazi atatu, n'kuuluka pamwamba pa mitengo ali bwinobwino. Pabwalo panatsala chidole cha tambala chija cha Shepherd chitagona chagada, mutu utapindika.

"Ndamupha!" anafuula a Abdulkader. "Achimwene, wagwa! Mwaona?"

Shepherd, munthu amene kwa masiku atatu sanaonetsepo mano, anali atagwa chammbali, akumenya pansi ndi chipewa. Darlington anayesetsa kudzigwira chifukwa cha ulemu, koma madala atapukuta magalasi n'kupita kukatola nyama yawo, n'kuigogoda ndi chala ikulira kuti pho pho, nayenso anaphulika. A Abdulkader anaima atanyamula chidolecho, akuyang'ana kumene tambala analowera. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka kuposa onse.

"Koma ndinamuona," anatero akupukuta misozi. "Pamene amauluka paja ndinamuona. Eee, Mulungu amalenga!"

Shepherd anati pazaka zake zonse zotsogolera alenje sanaonepo munthu wolasa pakhosi penipeni chotero. Anawapatsa chidolecho kuti apite nacho, atalembapo dzina lake ndi tsiku.

Atabwerera ku Leicester, mayi Sairabanu anaitana Darlington ndi Lusubilo kunyumba kwawo ku Wigston kudzadya biriyani. Junaid anali atadalitsidwa ndi mwana wamkazi, choncho m'nyumba munali kale chisangalalo. Chidole chija chinali pamwamba pa kabati, kuwala kwa pawindo kukudutsa m'timabowo take.

"A Darlington," anatero mayiwo akuthira tiyi, "awa akuti kunali nkhungu yambiri. Ine ndikufuna kumva kwa inu. Chinachitika n'chiyani?"

Darlington anayang'ana madala, n'kuyang'ana mbale yake. "Nkhungu inalipo ndithu, mayi."

"Musavutike kundibisa, achimwene," anadula a Abdulkader. "Ndinagona, Saira. Mnyamatayu anaitana mbalame kuchokera kutsidya la dambo mpaka pamapazi anga, ine ndikulota ndili ku Limbe."

"Ndinadziwa!" Mayi Sairabanu anawomba m'manja. "Munthu uyu anagona pa ukwati wake womwe, alendo asanayambe n'kudya komwe."

Lusubilo anafuna kudziwa ngati ku Florida kuli masitolo ndi nyanja yosambamo yopanda ng'ona. Atamva kuti zilipo, amayi awiriwo anayang'anana, ndipo tiyi asanazizire anali atagwirizana kuti chaka chamawa akwera nawo ndege, koma kutchireko amuna azikapita okha.

Lolemba Darlington anali pa shifiti ya m'mawa. Analowa muwodi khosi lili zidzolozidzolo chifukwa cha udzudzu, ndipo sisitala wamkulu, mayi wa ku Zambia, anamufunsa ngati kumeneko kunali kuholide kapena kunkhondo.

"Dikirani nthawi ya tiyi, mayi," anatero Darlington akuvala magolovesi. "Nkhani yake ndi yaitali."