Makwerero Olowa Pansi pa Nthaka

Kutatsala milungu isanu ndi umodzi kuti mayeso ayambe, Anatsache anatsimikiza mumtima kuti masamu awakana ndipo sakalemba.

Anatsache anali mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, wosesa pasukulu ina ya sekondale. Dzinalo anawapatsa ndi ana a sukulu, ndipo linawakakamira moti ngakhale a hedi ankawaitana choncho. Ntchito yawo yeniyeni inkayamba belu lomaliza likalira, ana atathamangira kwawo, aphunzitsi atatseka ofesi. Pamenepo sukulu yonse inkangoti zii. Ankatsala ndi madesiki opotoka mizere, fumbi la choko, timapepala tokwinyakwinya, ndi kulira kwa tsache lawo lomwe.

Chimene wina aliyense pasukulupo sankadziwa n'chakuti Anatsache analembetsa mayeso a masamu kusukulu ina yakutali, kumene kunalibe owadziwa. Ali mtsikana anakhoza maphunziro ena onse, koma masamu anawagwetsa. Tsopano bambo wosamalira chipinda cha sayansi ankapuma pantchito kumapeto kwa chaka, ndipo pepala limene linamatidwa pachitseko cha ofesi linati wofuna ntchitoyo akhale ndi masamu pasatifiketi yake. Chipindacho Anatsache ankachidziwa ngati m'nyumba mwawo. Botolo lililonse ankadziwa pamene limakhala, popeza opukuta mashelefu anali iwo. Chinkawasowa chinali masamu basi.

Mphunzitsi wawo anali bolodi la m'kalasi ya ana olemba mayeso. Asanalipukute, ankatulutsa kope m'thumba la epuloni, n'kukhala padesiki lakumbuyo ndi kukopera zonse zimene Madamu a masamu asiya tsikulo. Akangomva mapazi pakhonde, kopelo linkabwerera m'thumba ngati chinthu chakuba.

Poyamba zinkayenda ndithu. Mndandanda wa manambala anaugwira msanga. Anayang'ana 3, 7, 11, 15, n'kuona kuti nthawi zonse akungowonjezera zinayi, ndipo atapeza okha kuti nambala ya makumi awiri pamndandandawo ndi 79, anaseka m'kalasi yopanda munthu, kenako n'kucheuka ndi manyazi. Malogarithimu anawazunguza sabata yathunthu, mpaka tsiku lina anazindikira kuti funso lake n'lachidule: pafunika ma 10 angati ochulukitsana kuti munthu afike pa 1000? Atatu basi. Jometiri nayo inkawakomera, chifukwa ngodya ndi mizere ndi zinthu zooneka ndi maso.

Mavuto anayamba bolodi litafika pa thirigonometiri, masamu oyeza kutalika kwa zinthu pogwiritsa ntchito ngodya. Funso loyamba linali la makwerero aatali mamita asanu ndi imodzi, otsamira khoma, opanga ngodya ya madigiri 30 ndi nthaka. Kodi afika pamwamba bwanji pakhomapo? Yankho la Madamu pabolodi linali mamita atatu. Anatsache anatsata njira yonse bwinobwino, natulutsa kakyuleta yakale imene anawapatsa alamu awo, nadina. Panatuluka −5.93.

Anabwereza. Anabwerezanso. Anapukuta kakyuletayo ndi epuloni, nadinanso pang'onopang'ono ngati akuinyengerera. Yankho linali lomwelo. Mawa lake funso lina, yankho linanso lachilendo. Zinatero kwa milungu isanu, ndipo panalibe woti amutembenukire n'kumufunsa kuti, "Kodi iwe wapeza chiyani?"

Munthu mmodzi yekha amene ankadziwa za mayesowo anali mkulu wawo, mayi wogulitsa zovala pamsika. Lamlungu lina masana Anatsache anapita kukawaona, nawapeza akusita malaya pakhonde.

"Ndiye wafota chonchi chifukwa cha makwerero a papepala?" anatero akuluwo akuseka. "Mng'ono wanga, mutu nawonso umatha ngati chidendene cha nsapato. Zimene zinakukana uli ndi mano onse zikulole lero?"

"Koma zina ndikumazimva, achemwali. N'zokhazi."

"Ndiye zidumphe. Tenga mapepala a mayeso akale, uloweze mayankho ngati nyimbo ya kwaya. Mafunso amabwera omwewo, amangowasintha malaya."

"Ndimati mwina ndikafunse Madamu a masamu."

Akuluwo anaimika simbi. "Ufunse ndani? Mawa sukulu yonse idziwe kuti wosesa akufuna kukhala pulofesa? Ukadzalephera uzidzadutsa pati? Ana aja amaseka mpaka nkhuku yoduka mchira. Zako zisunge, iwe. Ukakhoza adzamva, ukalephera palibe adzadziwe."

Sankanena mwankhanza ayi. Ankamuteteza mng'ono wawo monga ankachitira ali ana. Anatsache anabwerera kwawo, kukachipinda kamodzi ka lendi kumene ankakhala okha chimwalirireni amuna awo. Munali bedi, mpando umodzi, ndi tebulo lokhala ndi kapu imodzi. Anakhala pampandopo n'kuyamba kuloweza.

Analoweza masiku khumi. Ankayenda akunong'ona manambala, ankasesa akunong'ona manambala. Kenako anatola pepala la mayeso oyeserera limene mwana wina anataya, nadziyesa okha maola awiri. Makwerero aja anali atasanduka mtengo ndi mthunzi wake. Manambala onse anali ena. Nyimbo imene analoweza inalibe pokwanira, ndipo chowawa kwambiri, ngakhale mndandanda wa manambala umene ankaudziwa bwino uja unawathawa, chifukwa anali atasiya kuganiza n'kuyamba kusakasaka m'mutu yankho lofanana nalo. Pa mafunso khumi ndi awiri anamaliza atatu.

Lachinayi lotsatira, atasesa kalasi ija, anatulutsa kope lawo, naliyang'ana kanthawi, n'kuliponya m'basiketi ya zinyalala pamodzi ndi mapepala ena. Anatenga dasitala kuti apukute bolodi osakopera kanthu.

"Pepani, Anatsache, musatulutse kaye zinyalalazo."

Anali Madamu a masamu, mayi wachikulire wa imvi ndi magalasi olendewera pachingwe. Anali atabwerera kudzafuna pepala la mwana wina limene ankaganiza kuti lagwa n'kusesedwa. Anawerama pabasiketi, navundula, napeza pepalalo. Kenako anatulutsanso kope lija.

"Mwana wa ndani wataya kope lathunthu? Dzina palibe." Anatsegula masamba. "Ayi, m'kalasi mwanga mulibe mwana wolemba mwaukhondo chonchi. Anawa amalemba ngati nkhuku yapalasa."

Anatsache anaika dasitala padesiki. Akanatha kunena kuti sakudziwa. Koma anali atatopa ndi kubisa.

"Ndi langa, Madamu."

Madamuwo sanaseke, sanadzidzimukenso. Anangovala magalasi, nakhala padesiki la mwana, n'kumenya ndi chikhatho pamalo apambali pawo. "Khalani apa, mayi."

Anawerenga tsamba ndi tsamba chala chili pamzere. "Apa mwakhoza. Apa mwakhoza. Logarithimu iyi theka la kalasi yanga inaiphonya. Eya, nayi thirigonometiri. Njira yanu ili bwino, bwinonso apa..." Anaima. "Koma mayi, makwerero anuwa akukwera khoma kapena akukumba chitsime?"

"Sindikumva, Madamu."

"Kamzere aka kali kutsogolo kwa yankho lanu kakutanthauza kuti nambalayi ili pansi pa ziro. Ndiye kuti makwerero anu alowa m'nthaka pafupifupi mamita asanu ndi imodzi. Munayamba mwaonapo makwerero otero?"

Anatsache anapukusa mutu. "Ndimangoti ndi mutu wangawu. Kakyuleta singaname."

"Kakyuleta sinama, koma imayankha funso limene yamva. Ili kuti?"

Anaitulutsa m'thumba. Madamu sanailandire, anangoloza batani lolembedwa sin, nati, "Dinani saini ya 30." Panatuluka −0.988.

"Saini ya madigiri 30 ndi theka, 0.5. Imeneyo isungeni pamtima ngati tsiku lanu lobadwa. Tsopano yang'anani pamwamba apa, pagalasi. Mukuona kachilembo aka?"

Anatsache anasendeza nkhope pafupi. Panali ka R kakang'ono ngati nyerere. Sanakaonepo chiyambire.

"Ngodya zimayezedwa m'njira ziwiri," anatero Madamu, "monga nsalu, wina amayeza m'mamita, wina m'mayadi. Ife pano timayeza m'madigiri, ndiye pamenepa pamayenera kukhala D. Amene ankagwiritsa ntchito kakyuletayi kale anaisiya pa muyeso winawo. Inu mumaiuza madigiri 30, iyo n'kumamva zina."

Anawalozera mabatani atatu oti adine. Ka R kanachoka, panabwera ka D. Anatsache anadina saini ya 30. Panatuluka 0.5. Anachulukitsa ndi kutalika kwa makwerero. Mamita atatu.

Anatsegula funso lachiwiri, nadina. Linagwirizana ndi yankho la Madamu. Lachitatu chimodzimodzi. Pa lachinayi manambala anayamba kuoneka mwachimbuuzi, ndipo anapukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni.

"Milungu isanu, Madamu," anatero motsitsa mawu. "Milungu isanu ndakhala ndikudzitukwana."

"Ndikudziwa. Zimenezi zinamuchitikirapo pafupifupi mwana aliyense m'kalasi muno. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amangogunda mnzake ndi chigongono, mphindi imodzi zatheka. Inu munalibe womugunda." Madamu anavula magalasi. "Mayeso ndi liti?"

"Kwatsala milungu isanu ndi umodzi. Koma ndinali nditasiya. Achemwali anga anati ndingoloweza mayankho, ndiye ndinayesa, zakanika."

"Achemwali anu amakukondani, koma masamu salowezedwa ngati nyimbo. Yankho la dzulo silithandiza funso la lero. Chimene mumatenga kupita nacho m'chipinda cha mayeso ndi njira, ndipo njira imalowa m'manja pochita. Tsiku lililonse tengani mafunso awiri a mndandanda, awiri a logarithimu, awiri a thirigonometiri, awiri a jometiri. Osadumpha mutu chifukwa wakulumani, umenewo ndiye muziyambira. Musanagwire kakyuleta, jambulani chithunzi, mudzifunse kuti yankho lanzeru lingakhale pati. Makwerero a mamita asanu ndi imodzi sangafike kuposa pamenepo, ndipo sangapite kunsi kwa nthaka. Yankho likakhala lamisala, musathamangire kuweruza mutu wanu. Funsani munthu."

"Ndifunse ndani, poti ndine ndekha?"

"Loweruka m'mawa timabwereza masamu muno ndi ana olemba mayeso. Mubwere."

Anatsache anayang'ana pansi. "Adzandiseka."

"Mwina adzaseka. Kuseka kumatha pofika nthawi yopuma. Satifiketi simatha."

Loweruka Anatsache anafika pachipata katatu, kawiri n'kubwerera. Kachitatu analowa, atavala diresi la kutchalitchi, kope lili m'manja. Ataima pakhomo la kalasi, ana a kutsogolo anayamba kukweza miyendo mwachizolowezi kuti tsache lidutse. Ataona kuti tsache palibe, anatsitsa miyendoyo mmodzimmodzi. Kumbuyo wina anatsamwa ndi phwete.

"Talandira mnzathu wolemba naye mayeso," anatero Madamu osatembenuka pabolodi. "Amene wamaliza kuseka atiuze logarithimu ya 100."

Kuseka kunathera pomwepo. Anatsache anakhala kumbuyo. Phunziro linapita pa jometiri, pa ngodya za m'kati mwa chozungulira, ndipo penapake anasochera. Kale akanangokopera n'kukavutika nazo kunyumba. Anakweza mkono pang'ono, ngati ukulemera.

"Pepani Madamu, sindinamve chifukwa chake ngodya iyo ndi madigiri 90."

Mitu yonse inatembenuka. Madamu anayang'ana kalasi. "Ndani winanso sanamve? Nenani zoona."

Poyamba panalibe. Kenako mkono umodzi unakwera pafupi ndi windo, wina pakati, wina kutsogolo. Inakwana khumi ndi umodzi.

"Mwaona?" anatero Madamu. "Anthu khumi ndi mmodzi mumati mupite nazo kwanu chonchi. Tiyambirenso."

Milungu imene inatayika ija sinabwerere. Tsiku la mayeso Anatsache anasiya mafunso awiri a jometiri osawagwira, nthawi itawathera. Koma asanayambe kulemba anadina saini ya 30, naona theka, mtima n'kukhala pansi. Zotsatira zitatuluka anali atakhoza, osati mopambana, koma mokwanira. Kalata yofunsira ntchito anailemba tsiku lomwelo, nakaipereka okha m'manja mwa a hedi. Sukulu itatsegulidwa chaka chotsatira, bambo wopuma uja anabwera kudzawaonetsa za m'kabati yokhoma ya chipinda cha sayansi, nawasiyira makiyi.

Phunziro: Pobwereza masamu, musaloweze mayankho ndipo musadumphe mutu umene ukukuvutani. Chitani mafunso ochepa a mutu uliwonse tsiku ndi tsiku, jambulani chithunzi, yesani kakyuleta yanu ndi yankho limene mukulidziwa kale, ndipo dzifunseni ngati chimene mwapeza chingachitike pamoyo weniweni. Koposa zonse, musaphunzire mobisala. Cholakwa chimene chingakusautseni milungu isanu muli nokha, munthu wina angachione m'mphindi imodzi.