Nkhongo pa Mlatho

Maliro atatha, amayi anafuna chithunzi cha bambo choti apachike pabalaza. Anakhuthula makatoni onse. Munali maukwati a eni, makanda a eni, ndi milatho yosawerengeka. Munthu anakalamba akujambula anzake, koma nkhope yake sinapezeke paliponse.

"Mukamera mwatsala filimu," anatero kwa mwana wawo. "Kutsuka anakuphunzitsa. Katsuke, mwina alimo."

Mnyamatayo anangoti chabwino. Chisiyireni koleji anali asanalowemo m'kachipinda ka bambo ake, kamene kale kanali kosungiramo makala. Anatseka zenera ndi bulangete, natulutsa filimu mumdima, manja akuchita kukumbuka okha. Itauma anayatsa babu lofiira, naika pepala m'beseni la mankhwala.

Bambo ake sankajambula mlatho monga achitira anthu. Ankatsikira kunsi, m'matope, n'kugona chagada, kamera kumaso. Zithunzi zamitundu ankati n'zaphokoso. Ankafuna zakuda ndi zoyera basi. "Mlatho ukauona pamwamba ndi msewu chabe," ankatero. "Kunsi ndiye kuli nthiti zake."

Pepala linayamba kuda pang'onopang'ono. Zinatuluka nthitizo, zitsulo zopingasana zikukwera kumwamba koyera. Kenaka m'mphepete mwa mlatho munaoneka timitu ta anthu osuzumira pansi, pakamwa yasa. Mutu umodzi wokha unali utatembenukira kumbali.

Tsikulo analikumbuka. Ankaoloka ndi anzake a kukoleji, mmodzi n'kukuwa, "Taonani mdala uyo! Akujambula kumimba kwa mlatho, kapena wayamba kutola mapepala?" Onse anafa nalo phwete. Bambo anakweza dzanja. Mnyamatayo anaseka nawo, natembenuka, nati tiyeni tachedwa.

M'munsi mwa chithunzicho munalowa nsonga za nsapato ziwiri, imodzi yomasuka chingwe. Pa filimu yonse, bambo ake anali pomwepo basi.

Anaganiza zonena kuti filimu yapsa. Zimachitika, ndipo amayi sakanatsutsa. Koma amayiwo anali atagogoda kale pachitseko.

"Iwe, ukutsuka zithunzi kapena ukusamba?"

Anawapatsa pepala lidakali lonyowa. Amayi analitengera pakhomo powala, nalitalikitsa ndi maso.

"Nsapato zake izi! Ndinkamuuza, mangani chingwe mudzagwa, munthu wamkulu." Anaseka pang'ono, mphuno ikutota. Chala chawo chinakwera ndi zitsulo mpaka pa timitu tija, n'kuima.

"Nkhongo iyi ndinabereka ndine."

Mnyamatayo anayang'ana pansi.

"Anabwera akunyadira tsiku limenelo," anatero amayi. "Akuti ndajambula mwana wathu ali ndi anzake ophunzira, koma iye sanandione."

"Ndinawaona, amayi."

"Ndikudziwa. Nayenso ankadziwa. Amene uja ankatha kuona ntchentche ili tsidya lina."

Anapukuta chala pa chovala chawo, nam'bwezera pepala.

"Kulitsa ichi, chikhale chachikulu bwino."

"Ndidule pamwambapa? Zitsale nsapato ndi mlatho."

"Udule chiyani? Bambo ako anadulapo?"

Anabwerera m'kachipinda muja natseka chitseko. Anatenga pepala lalikulu, lomaliza m'bokosi la bambo ake, nakweza makina okulitsira zithunzi mpaka chithunzi chonse chinakwana: nsapato pansi, nkhongo yake pamwamba.