Munsi Wachiwiri

Bambo Nordino anali munthu wosaugwira mtima akaona malo angokhala opanda kanthu. Paki yawo ya ku Cuamba, kuseri kwa njanji, inali kale ndi akatungwe asanu, kasitima kozungulira bwalo, ndi ndege yachitsulo imene sinaulukepo koma ana ankailimbirana ngati ikupita ku Nampula. Kumapeto kwa pakiyo kunatsala kathengo. Tsiku lina anakayang'ana kathengoko n'kunena kuti pamenepo pakhala mudzi, ndipo mudzi unakhaladi. Anamangitsa nyumba zitatu zaudzu, nkhokwe, chigafa cha fodya, ndi khola la nkhunda lopanda nkhunda, n'kuzinga zonsezo ndi chingwe chofiira. Pachikwangwani analemba kuti Mudzi wa Makolo, ndipo m'munsi mwake, m'Chipwitikizi, anachenjeza kuti kudumpha chingwe n'koletsedwa.

Ntchito ya Vânia m'mudzimo inali kusinja. Ankaima pamtondo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, atavala chitenje cha kapulana ndi duku, kuti olowa aone mmene makolo ankachitira. Mnzake Sumaia ankakhala pamphasa n'kumapeta. Bambo Nordino analamula kuti onse awiri azipaka musiro, phala loyera lija amadzola kumaso akazi achimakua. Vânia anawauza kuti kwawo ku Ngauma palibe amasinja atapaka zimenezo. Iwo anayankha kuti pachithunzi zimatuluka bwino, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anthu anabwera ngati kuli ukwati. Ana a m'tauni ankafunsa ngati m'nkhokwe mumagona munthu. Mphunzitsi wina anafika ndi kalasi yake yonse n'kuifotokozera mosadodoma kuti chigafacho ndi khitchini. Mkulu wina wogulitsa nsomba wa ku Mandimba anazungulira kawiri, kenaka n'kufunsa kuti mudzi akunenawo uli pati, poti zimene akuonazi n'zomwe wazisiya kwawo m'mawa, ndipo kumeneko salipiritsa pakhomo. Panabweranso mayi wina wa magalasi akuda, wolankhula Chipwitikizi chokhachokha, amene anaima pankhokwe nthawi yaitali n'kumapukuta m'maso. Palibe anamufunsa kanthu.

Zonsezi Vânia sizinkamuvuta. Chimene chinkamudya mtima chinali chimodzi: mayi ake, a Kristina a ku Itepela m'boma la Ngauma lomwelo, ankadziwa kuti mwana wawo amagwira ntchito mu ofesi. Anawauza yekha pafoni, ndi pakamwa pake pomwepa. Mayiwo analima fodya chaka ndi chaka kuti iye amalize sukulu, ndipo tsiku limene anamaliza anavina mpaka kutupa mapazi. Ndiye akanayamba bwanji kuwauza kuti ntchito imene wapeza ku Cuamba ndi yapamtondo? Kale ankapita kumudzi kumapeto kwa mwezi uliwonse, koma tsopano miyezi itatu inali itadutsa osapondako. M'manja mwake munali mutatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, n'kuuma gwa. A Kristina popereka moni ankagwira dzanja ndi manja awiri, osalisiya msanga, ndipo dzanja la mu ofesi ankalidziwa mmene limakhalira.

Loweruka lina masana, Vânia ali pamtondo, anamva kuseka kumene sakanakusokoneza ndi kwa wina aliyense. Anali mayi Josefina, oyambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi ya kwawo, amene akaseka nkhuku za khomo lachitatu zimabalalika. Atatukula maso anaona amayi khumi ndi awiri, makapulana ofanana, akulowa pachipata. Anali atabwera pa chapa, minibasi ya kumeneko, kudzaimba kumsonkhano wa mpingo, ndipo wina anawanong'oneza kuti asabwerere osaona mudzi wa m'tauni. Wachitatu pamzerewo, kachikwama kali m'khwapa, anali a Kristina.

"Chemwali, bwanji?" anafunsa Sumaia, ataona munsi waima m'malere.

"Amayi anga awo."

"Thawira m'nyumbamo."

Zimenezo zinali zosatheka. Onse awiri ankadziwa kuti zitseko za nyumbazo Bambo Nordino anazikhomerera ndi misomali, chifukwa m'katimo ankasungamo penti ndi matayala a kasitima. Kothawira kunalibe. Vânia anakokera duku mpaka pazikope, n'kufulatira chingwe, n'kuyamba kusinja ngati munthu woti alibe abale. Kwa nthawi yoyamba anathokoza musiro uja mumtima.

Amayi aja anayambira kunkhokwe, ndipo kumeneko anachedwako. Nkhokweyo anaikhazika pansi penipeni, yopanda miyendo, ndipo mayi Josefina anati chiswe cha ku Cuamba chiyenera kupita kukathokoza mwini wake. Wina analoza denga n'kunena kuti wofolerayo anayambira pamwamba kutsika, moti mvula yoyamba idzalowa osaodira. Pachigafa m'pamene anaseka mpaka kugwirana mapewa. Fodya anamupanikiza pamikangala ngati anthu m'chapa ya Lolemba, mphepo yosowa podutsa, ndipo masamba apakati anali atayamba kale kuda.

"Uyu ndi fodya wa munthu amene sanadzukepo usiku kumvera mvula," anatero a Kristina, ndipo mawuwo anamufika Vânia pamsana ngati madzi ozizira.

Kenaka anafika pamtondo, kuseka kuja n'kutha. Si kuti anaona cholakwika ayi. Vuto linali loti anthu a ku Ngauma sadziwa kuonerera munthu akusinja. Kumeneko ukafika pakhomo n'kupeza mwini nyumba ali pamtondo, umapereka moni n'kumulandira munsi, apume pang'ono, nkhani zizibwera pambuyo. Kuima chilili manja ali kumbuyo mnzako akukhetsa thukuta ndi khalidwe la munthu wosaleredwa. Ndiye amayi khumi ndi awiri anaima pachingwepo manja akuwayabwa, akuyang'anana. Chikwangwani chinalipo, ndipo ena mwa iwo Chipwitikizi ankachiwerenga bwinobwino, koma tsiku limenelo maso anawavuta onse.

A Kristina anapatsa mnzawo kachikwama, n'kukwinya kapulana, n'kudumpha chingwe.

"Odi pano. Tikulandireni, amayi."

Vânia anapukusa mutu osatembenuka. Kutsegula pakamwa kukanakhala kudzigwiritsa yekha. A Kristina sanakakamize. Pakhoma la nyumba panali patatsamira munsi wachiwiri, wongokongoletsa, ndipo anautenga, n'kuuyesa kulemera, n'kusuzumira mumtondo.

"Mukukonola chimanga osawaza madzi? Gaga achoka bwanji?"

Vânia ankadziwa bwino zimenezo, anaphunzira asanathothoke mano. Koma Bambo Nordino analetsa madzi, poti chimanga chonyowa chimasasa, pamene iwo ankafuna chomwecho chizibwerera mumtondo sabata yonse. A Kristina anaitana mayi Josefina, amene anadumpha nawo chingwe n'kuwaza madzi a m'botolo lawo. Atatero a Kristina anaima mbali inayo ya mtondo n'kuponya munsi. Vânia anaponya wake. Wina ukamakwera wina ukutsika, du, du, du, du, osagundana ngakhale kamodzi.

Chingwe chija chinatha ntchito pomwepo. Amayi awiri analowa m'chigafa n'kuyamba kutalikitsa fodya pamikangala. Wina analanda lichero kwa Sumaia, amene anapereka mosavuta. Otsalawo anazungulira mtondo akuomba m'manja, mayi Josefina n'kuyambitsa nyimbo. Ana anatsika pa akatungwe, kasitima kanazungulira kopanda munthu, ndipo mafoni anadzuka paliponse. Bambo Nordino anatulukira akuthamanga, wezulo ili pakamwa. Atafika pafupi n'kuona khamu la anthulo, anailavula wezuloyo, n'kupisa manja m'thumba, n'kuima ngati munthu amene anakonza zonsezi kuyambira kale.

Mkati mwa phokosolo a Kristina analankhula motsitsa, maso ali mumtondo, mawu akugwera pakati pa minsi.

"Ofesi ija ndi ino?"

Munsi wa Vânia unatsala pang'ono kupulumuka. Anaugwiritsa, n'kuuponya panthawi yake.

"Ndi ino, amayi."

"Ndakudziwira pamsana, ndili pachipata paja."

Anapitiriza kusinja. Misozi ya Vânia inayamba kutsika, n'kumalemba mizere iwiri pamusiro uja.

"Ndinayenda m'maofesi onse, amayi. Kusekeretariya ya sukulu, kusitolo, kunjanji. Konseko ankati siyani mapepala tikuitanani. A patarawu awa, abwana a pano, ndi okhawo amene anandiitana."

A Kristina anaimika munsi mumtondo, Vânia n'kuimika wake. Nyimbo inapitirira pang'ono yokha, kenaka inazilala. Mayiwo anamugwira manja onse awiri, n'kuwatembenuza, n'kuyendetsa chala m'zikhatho zouma zija. Vânia anafuna kuwabweza, koma anali atagwidwa zolimba.

"Zandiwawa, sindikubisira," anatero a Kristina. "Sindinakutumize kusukulu kuti uzisinjira anthu oonerera. Zimenezo tikambirana, ndipo ndili ndi mawu ambiri." Kenaka anapitiriza: "Koma kumapeto kwa mwezi katatu konse ndakhala pamsewu kuwerenga ma chapa. Ndinkati mwina wadwala. Ndinkati mwina wayamba kuchita nafe manyazi, poti tsopano uli pampando. Usiku sindinkagona, ndikufufuza chimene ndinakulakwira."

"Simunandilakwire kanthu, amayi."

"Ndiye chakuletsa kubwera ndi manja awa?"

Vânia anagwedeza mutu. Manyazi amene anawasenza miyezi itatu anaoneka aang'ono mwadzidzidzi, ndipo ena aakulu anabwera m'malo mwake.

A Kristina anapempha botolo lija, n'kunyowetsa nsonga ya kapulana yawo. Anamugwira Vânia chibwano ngati mwana wopita kutchalitchi, n'kuyamba kumupukuta, pamphumi, m'masaya, pamphuno, mosanyengerera konse. Bambo Nordino anatsegula pakamwa kuti anene za musiro wawo, koma mayi Josefina anawayang'ana kamodzi kokha ndipo anatseka.

Nkhope itatuluka yonse, a Kristina anatembenukira kwa anzawo. Amayi khumi ndi mmodzi aja anali atatanganidwa modabwitsa. Wina ankayang'ana denga, wina ankawerenga chikwangwani chimene chinamukanika poyamba chija, wina ankapeta lichero lopanda kanthu. Onse anali atamuzindikira mwanayo kalekale, ali kunkhokwe kuja, ndipo aliyense ankayesetsa kumusungira mnzawo ulemu.

"Lekani kunamizira, mwamudziwa nonse," anatero a Kristina. "Ndi Vânia wanga uyu. Amagwira ntchito pano. Bwerani mumupatse moni."

Anabwera mmodzimmodzi, aliyense akugwira dzanja lake ndi manja awiri monga amachitira kwawo, ndipo Vânia sanalibise. Mayi Josefina anamufunsa ngati a patarawu akewo angalole kuti nkhokweyo aikwezere pamiyala asanakwere chapa, chifukwa iwo sagona tulo akaisiya chonchi.

Wotsiriza pamzerewo anali a Kristina. Anagwira dzanjalo monga anzawo, koma iwo sanalisiye.

"Kumapeto kwa mwezi uno ndikhalanso pamsewu," anatero.

"Musakhale nthawi yaitali, amayi. Ndibwera pa chapa yoyamba."